Masekondi Makumi Anayi ndi Imodzi

Fort Ansel
12 Seputembala 1993

Achemwali Larysa,

Landirani moni wochokera kuno kumpoto. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Ababa, ng'ombe zonse, ndi galu wanu wopanda mwambo uja. Ine ndinafika bwino. Basi inayenda maola khumi ndi limodzi, ndipo kuchokera kwathu ku Rudnik mpaka kuno sindinayankhule ndi munthu, kupatula dalaivala pomufunsa ngati ndodo zanga za hoke, masewero athu a pa ayezi, zilimo m'munsimo.

Timu yandipereka kwa Mayi Friesen, mayi wamasiye amene wakhala akusunga anyamata a timuyi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zithunzi zawo zili ndandanda pakhoma la masitepe. Tsiku loyamba anandionetsa chimodzichimodzi: uyu amagulitsa matayala, uyu ndi wapolisi, uyu ali kumgodi, uyu sitidziwa kumene analowera. Kumapeto kuli msomali wopanda chithunzi. Anati, "Umenewo ndi wako, mwana wanga, koma uyambe wameta kaye."

Chipinda changa chili pansi pa nyumba. Zenera lake ndi laling'ono, ndimangoona nsapato za anthu odutsa. M'mawa ndimapita kusukulu, giredi 12, masana ku bwalo la ayezi. Anyamata ake si oipa, koma mwambo mukuudziwa: tsiku la masewero palibe woyankhula ndi ine goloboyi, ati zimabweretsa tsoka. M'basi ya timu mpando wanga ndi wandekha. Kuno timasewera katatu pa sabata, ndiye werengerani nokha masiku amene ndimatsegula pakamwa.

Foni ili m'khichini, ndipo lamulo la Mayi Friesen ndi mphindi zisanu zokha Lamlungu. Lapitali inu munali kuntchito, anayankha ndi Ababa. Tinakamba za mvula ndi tirigu mphindi zinayi, yachisanuyo tinangomverana kupuma. Ndiye ndaona kuti bola makalata.

Munditumizire masokosi aubweya amene analuka Amayi aja, ndinawaiwala pachingwe. Mundiuzenso zimene Ababa ananena basi itanyamuka. Ndinawaona pazenera akukuuzani kanthu.

Mlongo wanu,
Wade

Rudnik
26 Seputembala 1993

Wade,

Tili bwino, galu akuperekanso moni, ati wopanda mwambo ndi iweyo amene unasiya mbale yosatsuka tsiku lonyamuka. Masokosi ndi amenewo. Limodzi linali lobooka, ndasoka, usadandaule ndi mtundu wa ulusi.

Ukufunsa zimene Ababa ananena. Ukuyembekezera chiyani, ulaliki? Anati, "Waiwala mwala wonolera." Basi. Titafika kunyumba anautenga pa shelefu, anaukulunga m'nyuzipepala, ndi umenewo uli m'sokosi lakumanzerelo. Ati mipeni ya kunsi kwa nsapato zako zotererera pa ayezi usamapereke kwa aliyense kuti anole.

Tirigu tamaliza kukolola dzana. Ine ndikadali kunyumba ya okalamba kuja, kusambitsa anthu amene amandiitana maina a ana awo. Ndikabwera madzulo ndimapeza Ababa ayala mbale zitatu patebulo. Akazindikira amabweza imodzi mwakachetechete, ine ndimayang'ana kwina. M'nyumba muno mwakula, Wade. Zaka zitatu zapitazi tinazolowera kusowa kwa Amayi, tsopano tiyambirenso kuzolowera.

Nanga sukulu? M'kalata yako yonse waipatsa mawu anayi okha. Usaiwale zimene unkauza Amayi kuchipatala, zoti udzakhala dokotala wa ziweto. Ine ndinasiya kosi ya unamwino kuti ndiwasamale, sindikudandaula, koma m'banja muno wosiya sukulu mmodzi akwanira. Ndanama, tilipo kale awiri. Ababa anasiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kuti akasewere ku Bellhaven, ndipo chimene anabwera nacho ndi bondo lodziwa za mvula wailesi isananene.

Asaina pansipa monga mwa masiku onse. Ati umenewo ndiye moni wawo.

Larysa
O. Kostiuk

Fort Ansel
14 Novembala 1993

Achemwali,

Moni. Pepani ndakhala chete, tinali paulendo sabata ziwiri. Mwala ndinalandira, sokosi la ulusi wofiira anyamata analiona ndipo tsopano dzina langa ndi Kaphazi Kofiira. Zikomo kwambiri pondimangira mbiri.

Ndili ndi nkhani yaikulu. Masewero asanu ndi awiri otsatizana ndagwira bwino, awiri mwa amenewo sanandichinye n'komwe. Ndiye kwabwera anthu awiri kudzandiona.

Woyamba ndi a Halvorsen, kochi wa koleji ina ya ku Minnesota. Munthu wofatsa, wa jekete lakale. Anayamba wafunsa malikisi anga a sayansi asanafunse za hoke. Akuti ndikapitiriza chonchi andipatsa malo zaka zinayi, sukulu yonse alipira ndi iwo, ine ntchito yanga kugwira golo ndi kukhoza mayeso. Maphunziro a ziweto aliko.

Wachiwiri ndi a Gauthier, kochi wa Bellhaven. Inde, Bellhaven yomwe ija ya Ababa. Ligi yathu ino ndi yaing'ono, timasewera pamaso pa anthu mazana atatu ndi ana othamangitsana pansi pa mabenchi. Ya Bellhaven ndiye ligi yaikulu ya achinyamata, anthu zikwi zisanu, ndipo kumeneko ndiye amatolako osewera a matimu olipira. A Gauthier sanakhale pansi. Anangoti, "Ndiwe mwana wa Orest? Kwanu ndi kwathu ku Bellhaven. Mabuku sathawa, koma miyendo imathawa."

Vuto lake nali. Makoleji a ku America amati ligi yaikuluyo ndi ya anthu olipidwa, poti anyamata amalandirako kandalama ka m'thumba. Ukangoponda ayezi m'masewero amodzi a ligi imeneyo, ngakhale kwa mphindi, khomo la koleji latsekeka. Ndiye sindingalawe uku ndi uku. Ndiyenera kusankha.

Ndikagona pansi pano ndimazitembenuza mpaka mutu kuwawa. Mayi Friesen ndinawafunsa, anangondiwonjezera mbatata m'mbale. Zanu ndikuzidziwa kale. Ndikufuna za Ababa. Musawafunse ngati funso, mukudziwa mmene amathawira. Ingowerengani kalatayi mokweza pa chakudya, ndiye muwayang'ane nkhope, mundiuze zonse osasiyako.

Wade

Rudnik
1 Disembala 1993

Wade,

Moni, ndipo wachita bwino. Ndinalira pang'ono nditawerenga za a Halvorsen, koma ukauza munthu ndidzakana.

Ndinachita monga unanenera. Ndinawerenga tikudya mapirogi, timikate tophika ta mbatata m'kati tija. Pa za koleji Ababa anasiya kutafuna. Nditafika pa za Bellhaven anaika foloko pansi. Anati, "Gauthier wake uti? Wamfupi, wa chipsera pachibwano?" Ndinati sindikudziwa. Anadzuka, anakwera m'chipinda chapamwamba, ndinamva akukoka bokosi lachitsulo lija. Anatsika ndi jezi yawo ya ku Bellhaven, yobiriwira, nambala 4. Ine chibadwire ndinali ndisanaione. Anaiyala patebulo pakati pa mbale, anaiyang'ana nthawi yaitali, akuisisita pamapewa. Kenako anafunsa kuti masiku ano pagalimoto ndi maola angati kukafika ku Bellhaven. Zinathera pomwepo.

Unati ndisasiyeko kanthu, ndiye ndinene mmene ndaonera. Ndikuganiza kuti akufuna ukamalize zimene bondo linawalanda. Zikundikwiyitsa, koma ndi zimene ndaona ndi maso anga. Jeziyo ikadali pampando wako mpaka lero.

Ayambanso kuthira madzi pabwalo lako la ayezi kuseri kwa khola. M'mawa uliwonse akamwetsa ng'ombe amakoka paipi, kuzizira konseku, kuimirira ndi bondo limenelo mpaka ndevu kuuma. Ndinati, "Ababa, mukuthirira ndani?" Anati ayezi akapanda kuthiriridwa amang'aluka.

Ine mawu anga ndi amodzi: koleji. Anyamata a pakhoma la Mayi Friesen aja nawonso anali ndi miyendo. Ubwere pa Khirisimasi mudzakambirane nokha, ine ndatopa kukhala positi ofesi ya amuna awiri osayankhula.

Larysa
O. Kostiuk

Fort Ansel
9 Januwale 1994

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano. Ndinabwerera bwino, soseji ya kubasa imene munandilongedzera inathera m'basi.

Munandifunsa pa siteji ngati tinakambirana ndi Ababa. Ndinakunamizani, sitinakambirane. Masiku atatu aja, inu mukapita kuntchito, tinkatuluka kuseri kwa khola. Ine pagolo, iwo ndi ndodo, kundiponyera kamphira ka hoke mwina ka mazana awiri pa tsiku. Mawu amene ndinamva ndi akuti, "Tsitsa ndodo." Tsiku lomaliza tikuvula nsapato m'khola ndinalimba mtima, ndinati, "Ababa, za Bellhaven zija." Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, kenako anati thole lofiira lija likutsokomola, akaone. Jezi ndinaiona pampando. Sindine mwana, ndinamva.

Dzana inali Khirisimasi ya mpingo wathu ya pa 7. Kuno palibe amene amaidziwa. Linali tsiku la masewero, ndiye tsiku lonse palibe anandiyankhula. Ndinakumbuka Amayi akutituma pazenera kukayang'ana nyenyezi yoyamba kuti tiyambe kudya. Ndinayang'ana pa kazenera kanga, ndinaona matayala a galimoto ya aneba. Ndinasungulumwa kwambiri, Achemwali, kuposa tsiku lina lililonse chibwerere kuno.

Tsopano mverani, ndipo musakalipe musanamalize. Goloboyi wachiwiri wa Bellhaven wathyoka chala. A Gauthier akufuna ndikavale jezi Lamlungu pa 30 Januwale, masewero a 2 koloko masana. Sindikasewera. Woyamba wawo, Lachance, ali bwinobwino, sanatulukepo pagolo chaka chino. Wachiwiri ntchito yake ndi kukhala kumapeto kwa benchi n'kumatsegulira anzake chitseko cholowera pa ayezi. Ndinaimbira a Halvorsen. Anati akanakonda ndikanakana, koma ngati ndapita, phazi langa lisaponde ayezi wotchi ikuyenda. Ndiye palibe choopsa. Ndikufuna ndingoona malowo kamodzi, ndi kuti Ababa amve kuti mwana wawo anavalako jezi yobiriwira.

A Halvorsen anatinso mapepala a koleji atumiza kumudzi chaka chikangoyamba, poti sindinakwane zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ayenera kusaina ndi Ababa. Afika? Mundiuze msanga. Mnyamata wina kuno anamulonjeza chimodzimodzi chaka chatha, mpaka lero akudikira.

Wade

Rudnik
20 Januwale 1994

Wade,

Moni. Ndalemba mothamanga kuti ikupeze usananyamuke.

Kuchokera ku Minnesota kulibe chafika. Masiku ano ku positi amapita okha Ababa, ndawafunsa kawiri, amangondipatsa nyuzipepala ya alimi. Mwina zachedwa m'njira. Usataye mtima.

Ndinawawerengera za pa 30. Khala pansi umve izi: akubwera. Ababa, amene sanagonepo kunja kwa Rudnik chimwalirire Amayi. Apempha a Dueck aneba kuti awadyetsere ng'ombe, akametetsa tsitsi m'tauni, ndipo dzulo ndawapeza akupukuta galimoto m'kati. Ati adzanyamuka m'mamawa Lamlungu lomwelo, maola asanu ndi awiri, adzafika masewero asanayambe kuti akuone kaye. Ndinati, "Mukamuuza chiyani?" Anati, "Za amuna."

Asinthanso khalidwe. Akamaliza ntchito ya m'mawa satuluka m'khola, amakhala m'kachipinda ka zishalo kaja mpaka nkhomaliro, atatseka chitseko. Atenga magalasi a Amayi, ati awo sakuonanso bwino. Ndikuganiza akuyang'ana zithunzi zawo zakale za ku Bellhaven. Munthu wamkulu ngati ameneyo.

Ine sindibwera, ndili pa ntchito Loweruka ndi Lamlungu, awiri akudwala. Ndiye ndikuuziretu pano. Tsegula chitseko, tseka chitseko, umwetulire Ababa. Pa benchipo usadzuke, ngakhale denga litagwa.

Larysa

Fort Ansel
31 Januwale 1994

Achemwali,

Moni. Ababa ayenera kuti afika, koma ndikudziwa kuti sakuuzani kanthu, ndiye mumve kwa ine.

Ndinasewera.

Masewero asanayambe ndinawadikira pa khomo la osewera mpaka wosamala zovala anadzandikoka. Sanabwere. Chigawo choyamba chonse maso anga anali m'chigulu cha anthu, chitseko ndinkatsegula mongopapasa. Ndinawaona chigawo chachiwiri chili pakati, akutsika masitepe pang'onopang'ono ndi bondo lawo, chipale chofewa chili mbuu pamapewa. Anakhala mzere wachisanu ndi chinayi, moyang'anana ndi benchi yathu. Sanavule jekete.

Kutatsala mphindi zitatu kuti chigawocho chithe, kamphira kanamenya Lachance pachigoba chakumaso, lamba n'kuduka. Goloboyi saloledwa kusewera chigoba chili lende. Anabwera ku benchi, wosamala zovala anayamba kulimbana ndi lambayo, woyimbira akuti sadikira. A Gauthier anatembenuka.

"Kostiuk, lowa. Kamphindi chabe."

Ndinati, "Kochi, ndikaponda pamenepo za koleji zatha."

Anati, "Wabwera kudzakhala mlonda wa chitseko, kapena ndiwe goloboyi?"

Anyamata onse anandiyang'ana. Sindinadzuke, Achemwali, mawu anu anali m'khutu. Ndinagwira benchi ndi manja awiri. Mumtima ndinati anditukwane, andithamangitse, ndikwera basi. Kenako ndinakweza maso.

Ababa anali ataimirira. Anthu onse ali pansi, iwo okha chilili, atavula chipewa, akuchikupiza m'mwamba ndi m'munsi, akukuwa. Phokoso la anthu zikwi zisanu silikanalola kuti ndimve, koma ndinaona kuti akutchula dzina langa. Chiyambire kusewera ndili ndi zaka zisanu, Ababa sanaimirirepo pa masewero anga, sanakuwepo, ngakhale tsiku lija tinatenga chikho. Dzulo anaimirira. Inu mukanatani? Mapepala a ku Minnesota sanabwere, bambo anga ayenda maola asanu ndi awiri, akundiitana ndi chipewa pabwalo lawo lakale. Ndinawakwezera ndodo, ndinatsegula chitseko, ulendo uno ndekha wolowa.

Kamphira sikanafike n'komwe mbali yanga. Ndinangoima pagolo, ndikumva mtima wanga m'chigoba. Wezulo atalira Lachance anabwerera, anandimenya ndodo pamwendo, ati, "Zikomo, mwana wasukulu." Pa pepala la masewero alemba kuti Kostiuk, masekondi makumi anayi ndi imodzi.

Titamaliza ndinawapeza Ababa m'khonde. Nkhope inali yotuwa, ndinati ndi ulendo. Dzanja lamanzere linali m'thumba la jekete nthawi yonse. Ndinadikira kuti anene kanthu. Anati, "Ndodo unatsitsa bwino." Anandigwira chanza, anati ng'ombe zikudikira, anapita. Sitinadye n'komwe limodzi.

A Gauthier ati chala cha goloboyi wachiwiri uja chipola sabata yamawa, mwina adzandiimbira chaka chamawa. Anandipatsa tikiti ya basi. Jezi anailanda pakhomo, ndi ya timu.

Ndabwerera pansi pano. Mayi Friesen akhoma chithunzi changa pa msomali uja, ati anandimva dzina pa wailesi. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Ndikungodziuza kuti kamodzi kokha ndawapatsa Ababa chimene amafuna. Mundiuze ngati akuoneka okondwa.

Wade

Rudnik
5 Febuluwale 1994

Wade,

Sindikupatsa moni.

Lachinayi kunalira foni, anali a Halvorsen. Anafunsa chifukwa chimene mapepala sanabwerere, poti anatumiza pa 4 Januwale. Kenako anati tisavutikenso, pepala la masewero a ku Bellhaven aliona. Anayankhula mwaulemu. Ati ayesa kufunsa kwa akuluakulu awo koma palibe chimene angachite, malo ako apereka kwa mnyamata wina. Ati ndikuuze kuti unali woyamba pa mndandanda wawo.

Mapepala anafika, Wade. Ndinapita pa chitseko pamene Ababa amakoleka jekete, ndinapisa m'thumba lamanzere, ndinapeza envulopu yopindika, chidindo cha positi yathu cha pa 11 Januwale. Masabata atatu munthu akundipatsa nyuzipepala ya alimi. Ndinawatsatira kukhola. Ndinawauza mawu amene mwana sayenera kuuza bambo ake. Ndinati anabisa dala, ndinati anadya moyo wanga ndipo sanakhute, adyanso wako. Anangolanda envulopuyo n'kuibweza m'thumba.

Ukufunsa ngati akuoneka okondwa. Chibwerere sakudya. Jezi ija aichotsa pampando, ndaiona m'khola akupukutira thole. Pabwalo lako asiya kuthira madzi. Kuyambira Lachinayi lomwelo akukhala patebulo la m'khichini ndi pensulo ndi kope lako lakale, ndikalowa amaphimba ndi mkono. Sitikuyankhulana.

Iwe sindikukukalipira. Ndikanakhala pa benchipo mwina nanenso ndikanadzuka. Ndine ndinakulembera za jezi ija, ndipo zikundiwawa. Pita kusukulu Lolemba.

Larysa

Rudnik
9 Febuluwale 1994

Wade mwana wanga,

Moni. Ndine bambo ako. Kalatayi ndalemba ndekha. Yatenga masiku asanu ndi limodzi. Ukapeza polakwika upitirire.

Mlongo wako akuti ndinabisa mapepala. Sindinabise. Ndinkawawerenga.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kunabwera munthu wa ku Bellhaven pa tebulo lomwe lino. Anaika pepala. Agogo ako sankadziwa kuwerenga Chingelezi. Ine ndinachita manyazi kuwerenga pamaso pa mlendo chifukwa ndimachedwa. Tinasaina. Lolemba lake sindinapitenso kusukulu. Nditathyoka bondo anandipatsa tikiti ya sitima ndi jezi. Ndinalumbira kuti pepala la mwana wanga sindidzasaina ndisanawerenge liwu lililonse.

Mapepala ako anali masamba asanu ndi anayi, zilembo zing'onozing'ono. Ine ndimawerenga ndi chala. Amayi ako ankadziwa, ankandiwerengera zonse, sanauze munthu. Larysa amaganiza kuti ndi maso. Sindinafune kuti mwana wanga wamkazi aone. Ndinkawerenga m'kachipinda ka zishalo, theka la tsamba pa tsiku. Mawu ena ndinkafunafuna m'buku lako la matanthauzo. Ndinamaliza pa 28. Ndi mapepala abwino. Mulibe msampha.

Jezi ndinaitulutsa kuti muone zimene munthu amabwera nazo akatha zaka zitatu kumeneko. Ndi yokhayo. Ndinkati ndikayala patebulo mumva nokha. Pa Khirisimasi unandifunsa m'khola. Ndinaopa kuti ndikanena udzati bambo anga analephera ndiye akufuna nanenso ndisayese. Ndinati bola ndibwere ndi pepala m'manja, lidzanena lokha.

Ndinanyamuka 5 koloko. Kupitirira mlatho chipale chinatseka msewu. Ndinadikira galimoto yokankha chipale maola atatu. Ndikanakupeza pakhomo paja ndikanakupatsa usanavale.

Lamba wa mnyamata uja ataduka ndinaona Gauthier akutembenukira kwa iwe. Ndinamudziwa. Tinkagona chipinda chimodzi ku Bellhaven. Ndinaimirira. Ndinkati khala pansi. Chipewa chija ndinkatsitsa, ndinkati pansi, Wade, pansi. Moyo wanga wonse sindinakuwepo chotero. Unandikwezera ndodo.

M'khonde muja envulopu inali m'dzanja langa. Unali ukumwetulira. Sindinathe.

Wolakwa si iwe, si Larysa. Zimene ananena m'khola zambiri ndi zoona. Maliza giredi 12. Akuti kuno kwathu nakonso kuli sukulu ya za ziweto, kungoti wolipira ndi ife. Ng'ombe zilipo. Ndamuuza Larysa kuti nayenso afunse za unamwino wake. Mwina andiyankha mawa.

Lamlungu uimbe foni. Za mvula sindikamba. Ndikakhala chete usadule, ndimakhala ndikufunafuna mawu.

Mapepala aja ndakuikira momwemu. Ndikudziwa kuti alibenso ntchito. Koma utsegule tsamba lomaliza, uone pansi. Ndinalemba dzina lonse, osati chilembo chimodzi. Ndinali nditavomera.

Bambo ako,
Orest Kostiuk